Mafizo a nsagwada kwa amene amakukuta mano: zimene amathandiza, zimene sangathe, ndi kachitidwe kake

Kukukuta mano kulipo kwa mitundu iwiri, ndipo munthu amene sanaisiyanitse amatha miyezi akuchita mafizo n'kumadabwa kuti bwanji amene amagona naye chipinda chimodzi akudandaulabe za phokoso usiku. Madokotala mitundu yonseyi amaitcha bruxism, koma magwero ake ndi osiyana. Pali kukukuta kwa m'tulo, kumene mano amakhulana mpaka kumveka. Palinso kwa masana, kumene kawirikawiri kulibe phokoso: munthu amangolumanitsa mano, kapena kuumitsa nsagwada mano osakhudzana n'komwe, pamene akuwerenga, akuyendetsa galimoto, akunyamula katundu kapena akulingalira zomuvuta.

Kwa m'tuloko kumayambira mu ubongo. Ofufuza za tulo, makamaka gulu la Gilles Lavigne ku Montreal, anaonetsa kuti nthawi zambiri kumabwera pamene tulo tapepuka kwa masekondi ochepa, munthu osadzuka kwenikweni. Mtima ndi umene umayamba kuthamanga, kapumidwe kamasintha, kenako minofu ya nsagwada imagwira mobwerezabwereza. Munthu mmodzi mwa akuluakulu pafupifupi 10 alionse amachita zimenezi. Ana amachita kwambiri kuposa akulu, ndipo zimachepa munthu akamakalamba. Kale ankati vuto ndi mano osakhala bwino pamzere, mpaka ena ankapalidwa mano kuti alingane, koma maganizo amenewo akatswiri ambiri anawasiya.

Tsono fizo imene mwachita madzulo singalamule zimene ubongo udzachite pakati pa usiku. Mu 2018 ofufuza a ku Netherlands anayesa zimenezi pa anthu 24 okukuta mano m'tulo amene sankamva ululu uliwonse. Ena mwa iwo anawongola minofu ya nsagwada kwa masiku 10. Pakamwa pawo panayamba kutseguka kwambiri ndithu, koma kukukuta kwa usiku sikunachepe. Tikunena izi poyambirira kuti musataye mtima pa chinthu chimene mafizo sanalonjeze. Ntchito yake yeniyeni ili pena, ndipo ndi yaikulu: kuthetsa chizolowezi cha masana, kuchepetsa ululu ndi kuuma kwa minofu, kubwezera nsagwada kayendedwe kowongoka, ndi kuchotsa mutu umene umabwera chifukwa cha minofu yotopa. Amene amakukuta usiku nawonso amapindula, chifukwa minofu imene yagwira ntchito usiku wonse ikapeza mpumulo masana imasiya kuwawa, ngakhale kukukutako kukupitirira.

Zimene zili mkati mwa tsaya

Ikani zala pamasaya, pang'ono kutsogolo kwa makutu, ndipo lumanitsani mano pang'ono. Chimene chatukuka pansi pa zalazo ndi mnofu wotchedwa masseter, umene umachokera pa fupa la tsaya kutsikira pa ngodya ya nsagwada. Kwezani zala m'mbali mwa mutu, pakati pa diso ndi khutu, n'kulumanso: umenewo ndi temporalis, mnofu wotambasuka umene umafika pamwamba pa khutu. Mutu umene ambiri amadzuka nawo m'mawa, wowawa mbali zonse ziwiri, nthawi zambiri umachokera pamenepa. Mkati, kumene zala sizifika bwino, kuli minofu ina iwiri mbali iliyonse yotchedwa pterygoid. Umodzi umathandiza kutseka, winawo umakokera nsagwada kutsogolo ndi m'mbali. Yotsegula pakamwa ili pansi pa chibwano, ndipo ndi yaing'ono ndi yofooka poyerekeza ndi yotseka. Kusalingana kumeneku n'kofunika kukumbukira, chifukwa kukutiuza kuti munthu wokukuta mano safunika kulimbitsa minofu yotseka. Ndi yolimba kale mopitirira.

Polumikizira nsagwada ndi chigaza pali kutsogolo kwenikweni kwa bowo la khutu. Pakati pa mafupa awiriwo pali kachichereŵechereŵe kopyapyala kamene kamayenda limodzi ndi mutu wa nsagwada. Potsegula pakamwa zinthu zimachitika m'magawo awiri. Pa mamilimita 20 mpaka 25 oyambirira, mutu wa nsagwada umangozungulira pamalo pake ngati chitseko pa mahinjesi. Mukapitirira pamenepo umatsetsereka kupita kutsogolo, ndipo mutha kuumva ndi chala ukuchoka pafupi ndi khutu. Anthu ambiri amene nsagwada yawo yazolowera kuuma amasokoneza dongosololi: amayamba n'kukankhira chibwano kutsogolo asanazungulize, ndipo n'chifukwa chake pamalira kapena nsagwada imakhotera mbali imodzi.

Yambani mwayeza

Musanachite fizo iliyonse, dziwani pamene mukuyambira. Imani pagalasi, tsegulani pakamwa mpaka pamene sipakuwawa, ndipo yesani ndi rula mtunda wochokera ku nsonga za mano akutsogolo a m'mwamba kufika ku nsonga za a m'munsi. Munthu wamkulu wopanda vuto amafika mamilimita 40 mpaka 55. Ngati rula palibe, zala zanu zitatu zapakati zoimika pamodzi ziyenera kulowa pakati pa manowo. Onaninso njira imene chibwano chikutsata: chikutsika mowongoka, chikukhota n'kubwerera pakati, kapena chikuthawira mbali imodzi osabwerera? Lembani zimenezi, pamodzi ndi kukula kwa ululu pa muyeso wa 0 mpaka 10, m'mawa ndi madzulo. Ululu wochuluka podzuka umene umachepa dzuwa likamakwera umaloza ku kukukuta kwa usiku. Ululu umene umakula tsiku likamapita umaloza ku kulumanitsa kwa masana.

Kuperepeseka kwa mano kokha sikutsimikizira kuti mukukukuta panopa. Dzino likaperepeseka silimeranso, choncho zimene mukuona zikhoza kukhala za zaka 10 zapitazo, kapena zochokera ku asidi wa zakumwa ndi wa m'mimba. Zizindikiro za panopa ndi kamzere koyera mkati mwa tsaya molingana ndi pokumanira mano, zidindo za mano m'mbali mwa lilime, kutopa kwa nsagwada podzuka, ndi umboni wa amene amakumvani usiku.

Fizo yoposa zonse ndi yosachita kanthu

Nsagwada ikamapuma mano sakhudzana. Pakati pa a m'mwamba ndi a m'munsi pamakhala mpata wa mamilimita 2 mpaka 4. Mano amayenera kukumana potafuna ndi pomeza pokha, ndipo nthawi yonseyo mukaiphatikiza pa tsiku lathunthu siikwana ngakhale theka la ola. Ambiri amene amalumanitsa masana sadziwa zimenezi. Amaganiza kuti kutseka pakamwa n'kukumanitsa mano. Ndipo sikuti amaluma mwamphamvu ayi. Kungogunditsa mano pang'ono kwa maola ambiri n'kokwanira kutopetsa masseter ndi temporalis, chifukwa mnofu umene sukumasuka magazi sayendamo bwino.

Kakhalidwe koyenera mumakapeza chonchi. Tchulani "nnn" motalikitsa. Nsonga ya lilime ifika pa kamtunda kamene kali kuseri kwa mano akutsogolo a m'mwamba, osati pa manowo. Isiyeni pomwepo mopepuka, gawo lakutsogolo la lilime ligone kumwamba kwa m'kamwa. Tsekani milomo mongokhudzana, mano akhale otalikirana, ndipo pumirani m'mphuno. Mpweya ulowe mpaka mimba itukuke, masekondi 4 kulowa, masekondi 6 kutuluka, kasanu kapena kasanu n'kamodzi. Potulutsa mpweya lolani nsagwada ilemere yokha.

Pali zolakwika ziwiri zimene zimachitika kawirikawiri apa. Choyamba n'kukanikiza lilime mwamphamvu kumwamba, zimene zimangosamutsira kuumako ku minofu ya pansi pa chibwano. Chachiwiri n'kugwira nsagwada mwadala kuti mano asakumane, ngati mukuinyamula. Kumeneko n'kuumitsanso. Gwirani masaya: ngati ndi ofewa, mwapeza, ngati ndi olimba, tulutsani mpweya m'kamwa milomo ikunjenjemera, kenako yambiraninso.

Kudziwa kakhalidweka n'kosavuta. Chovuta n'kukakumbukira, popeza chizolowezichi chimachitika maganizo ali kwina. Njira imene imagwira ntchito n'kudzipatsa zokumbutsa zochokera kunja. Ikani alamu ya foni kuti izinjenjemera mphindi 30 kapena 60 zilizonse, kapena matani timapepala ta mtundu wowala pamalo amene maso anu amagwera kawirikawiri: pakompyuta, pachiwongolero, pachitseko. Chokumbutsacho chikafika dzifunseni funso limodzi: mano ali pati? Ngati akukhudzana, pumani kamodzi mozama n'kuwalekanitsa. Musadzidzudzule, ingolembani kuti munali kuchita chiyani. Pakatha mlungu umodzi mudzaona kuti kulumako kuli ndi nthawi zake, ndipo pamenepo mudzayamba kudzigwira nokha alamu isanalire. Timapepalato muzitisintha malo kapena mtundu mlungu uliwonse, chifukwa maso akatizolowera amasiya kutiona. Ngati muli ndi nthawi ya fizo imodzi yokha pa zonse zimene zili m'nkhaniyi, sankhani imeneyi.

Kutenthetsa ndi kusisita

Mnofu wozizira ndi wouma suvomera kuwongoledwa. Viikani kathaulo m'madzi ofunda, ofika poti dzanja likhoza kupirira bwinobwino, finyani, ndipo kaikeni pamasaya onse awiri kwa mphindi 10 mpaka 15, kukafunditsanso kakazizira. Ngati polumikizira penipeni pakuwawa mwadzidzidzi kapena patupa pang'ono mutatafuna chinthu cholimba, kuzizira kumathandiza kuposa kutentha: ayezi wokulunga m'nsalu, mphindi 10 zokha. Musatenthetse tsaya lotupa chifukwa cha dzino lovunda. Limenelo likufuna dokotala wa mano lero lomwe.

Posisita masseter, mano akhale otalikirana. Ikani nsonga za zala ziwiri kapena zitatu pansi pa fupa la tsaya, kanikizani mpaka mumve mnofu osati khungu lokha, ndipo tsitsani pang'onopang'ono kufika pa ngodya ya nsagwada. Ulendo umodzi utenge masekondi pafupifupi 10, ndipo bwerezani kasanu mbali iliyonse, kusuntha pang'ono kutsogolo kapena kumbuyo kuti mnofu wonse ufikidwe. Mukapeza kamfundo kolimba kowawa, mwina kotumiza ululu ku dzino kapena ku khutu, imani pomwepo ndi mphamvu yosasintha kwa masekondi 30 mpaka 60. Ululuwo uyenera kuyamba kuzilala chala chikadali pomwepo. Ngati ukukula, mwakanikiza kwambiri. Amene akufuna kufika mozama angathe, atasamba m'manja, kulowetsa chala chachikulu mkati mwa tsaya la mbali ina, zala zinazo zili kunja, n'kutsina mnofuwo mofatsa pakati pa zalazo.

Temporalis imasisitidwa ndi zala zinayi, mozungulira pang'onopang'ono, kuyambira kuseri kwa ngodya ya diso mpaka pamwamba pa khutu, kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Khungu liziyenda limodzi ndi zala, osati zala kumatsetsereka pa tsitsi.

Malo awiri apewedwe. Musakanikize mwamphamvu kutsogolo ndi kunsi kwenikweni kwa khutu, chifukwa pamenepo pali polumikizira mafupa ndi chiwalo chachikulu chopanga malovu. Musakanikizenso m'khosi pansi pa ngodya ya nsagwada, pamene mumamva kugunda kwa mtsempha wopita ku ubongo. Kukanikiza pamenepo kungachedwetse mtima n'kukuchititsani chizungulire.

Kuphunzitsanso nsagwada kuyenda

Mafizo ambiri a gawo ili amachokera ku ndondomeko ya katswiri wa mafizo wa ku Chile, Mariano Rocabado, yodziwika ndi dzina lakuti 6x6: mafizo 6, iliyonse kubwereza ka 6, maulendo 6 pa tsiku. Manambalawo alibe chinsinsi chilichonse. Phindu lake lili pa mfundo yakuti pang'ono pobwerezabwereza pamaphunzitsa minofu kuposa ola limodzi lotopetsa.

Yoyamba n'kutsegula lilime lili m'mwamba. Khalani pagalasi mutu uli wowongoka, lilime pa malo a "nnn", zala zolozera zili kutsogolo kwa makutu. Tsegulani pang'onopang'ono, kuwerenga mpaka 3, n'kuima pamene lilime likufuna kuchoka kumwamba. Tsekani mofananamo, ndipo imani mano asanakumane. Lilime likakhala pamenepo limaletsa nsagwada kutsetsereka kutsogolo, choncho imangozungulira pamalo pake, ndipo pansi pa zala zanu simuyenera kumva fupa likutumphuka. Kuti muone ngati mukuwongoka, matani kachingwe koimirira pagalasi, kalingane ndi mpata wa pakati pa mano awiri akutsogolo, ndipo chibwano chizitsata kachingweko. Ngati chikukhota, chepetsani katseguleko mpaka pamene chikuwongoka, ngakhale pakhale pongolowa chala chimodzi. Kuthamanga ndiko kumawononga fizo imeneyi. Mukathamanga mukubwereza kayendedwe kakale komweko.

Yachiwiri n'kukankhana popanda kusuntha. Nsagwada ili pa kakhalidwe kopuma, ikani chibakera pansi pa chibwano ndipo yesani kutsegula pamene chibakeracho chikuletsa. Gwirani masekondi 5 kapena 6, masulani kwa masekondi 10, bwerezani ka 6. Mphamvu ikhale yochepa kwambiri, yosapitirira gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu zanu. Chifukwa chake n'chakuti minofu yotsegula ikagwira ntchito, mitsempha yotumiza mauthenga imauza yotseka kuti imasuke, ndipo kumasukako n'kumene tikufuna. Mukalimbikira ndi mphamvu zonse, khosi ndi masaya zimaumanso kuti zithandize, cholinga chonse n'kutayika. Chitaninso chimodzimodzi m'mbali: zala ziwiri kumanja kwa chibwano, kankhani pang'ono, nsagwada ikane kusuntha, kenako kumanzere. Pagalasi chibwano chisaoneke chikuyenda.

Yachitatu ndi ya amene pakamwa pawo pafupika chifukwa cha kuuma kwa minofu, ndipo imafuna chisamaliro. Tsegulani mpaka pamene mwayamba kumva kukoka, osati kuwawa. Ikani zala ziwiri pa mano akutsogolo a m'munsi, kapena pa chibwano ngati manowo akugwedera kapena ndi oikirira. Yesani kutseka mofatsa zala zikuletsa, masekondi 5 mpaka 10. Lekani, tulutsani mpweya, ndipo pa masekondi otsatirawo lolani nsagwada itsike yokha milimita imodzi kapena ziwiri. Khalani pamenepo masekondi 20 mpaka 30. Bwerezani katatu, kuyambira pa malo atsopanowo nthawi iliyonse. Mnofu umene wangogwira kumene ntchito umamasuka kwa kanthawi, ndipo tikugwiritsa ntchito kanthawi kameneko. Kukokako kumveke m'masaya. Kukamveka ngati kubaya kutsogolo kwa khutu, ndiye kuti mukupanikiza polumikizira mafupa, ndipo muyenera kusiya.

Fizo yachitatuyi si ya aliyense. Ngati mumatsegula kale mopitirira mamilimita 50, ngati nsagwada yanu inagulukapo poyasamula, kapena ngati mfundo za thupi lanu lonse n'zofewa mopitirira, musaichite. Vuto lanu si kufupika koma kusakhazikika, ndipo mafizo awiri oyamba aja ndiwo anu. Poyasamula muziika chibakera pansi pa chibwano kapena kusunga lilime kumwamba, kuti pakamwa pasatseguke mpaka mapeto.

Kulira kwa nsagwada kumadetsa nkhawa anthu ambiri. Kulira kopanda ululu ndi kopanda kukakamira n'kofala kwambiri, ndipo pakokha sikufuna chithandizo. Chofunika n'kusakuputa: kuliza nsagwada mwadala pofuna kuona ngati ikulirabe kumangonyansitsa malowo.

Khosi ndi mapewa

Mutu ukatsogola, monga zimakhalira munthu akaweramira foni kapena kompyuta, minofu ya kutsogolo kwa khosi imakokera nsagwada pansi ndi kumbuyo, ndipo yotseka imalimbana nayo. Khalani mowongoka, yang'anani kutsogolo, ndipo bwezani chibwano kumbuyo mopingasa osaweramitsa mutu, mpaka mumve kukoka pang'ono kunkhongo. Masekondi 5, ka 6. Kenako kokerani mafupa a mapewa kumbuyo ndi pansi, masekondi 5, ka 6. Mano akhale otalikirana pochita zonsezi; ambiri amaluma osadziwa.

Kuziika pamodzi

Simufunika kuchita zonse nthawi iliyonse. M'mawa, pamene nsagwada imakhala youma kwambiri, tenthetsani, sisitani, n'kuchita fizo yotsegula lilime lili m'mwamba. Masana, maulendo anayi kapena asanu, chitani ya kakhalidwe kopuma, yotsegula, yokankhana ndi ya khosi. Zonsezi zimatenga mphindi zochepa chabe. Madzulo musanagone tenthetsaninso, sisitani, ndipo malizani ndi kupuma kwa m'mimba kwa mphindi zisanu. Kuwongola kwa fizo yachitatu kuja, ngati mukukufuna, kuchitike kawiri pa tsiku, nthawi zonse mutatenthetsa kaye.

Lamulo la ululu ndi ili: pochita fizo usapitirire 3 pa 10, ndipo ubwerere mwakale pasanathe ola limodzi. Mukadzuka mawa lake mukumva kuwawa kuposa dzulo, chepetsani ndi theka mphamvu ndi kubwereza komwe, musasiyiretu. Anthu amene mafizo amawakanika kawirikawiri si aulesi ayi, ndi olimbikira mopitirira muyeso, amene amasisita mpaka tsaya kutupa n'kumawongola ngati akufuna kumaliza zonse mlungu umodzi. Kusintha kumayamba kumveka pakatha milungu iwiri kapena itatu. Pa mlungu wa 6 yezaninso ndi rula, yerekezani ndi zimene munalemba poyamba, ndipo ngati palibe chasintha kaonaneni ndi dokotala wa mano kapena katswiri wa mafizo wodziwa za nsagwada.

Pa nthawi imeneyi pali zinthu zimene zimafafaniza ntchito yonse. Chingamu n'choyamba. Kuluma zikhadabo, cholembera, milomo kapena mkati mwa tsaya n'kulumanitsa mano komweko m'maonekedwe ena. Kutsamiritsa chibwano padzanja, kupana foni pakati pa khutu ndi phewa, ndi kugona chafufumimba nkhope itapanikizika zimakankhira nsagwada mbali imodzi kwa nthawi yaitali. Ndipo tichenjeze mwamphamvu za tizipangizo ta labala timene timagulitsidwa pa intaneti kuti munthu azitafuna pofuna kukometsa maonekedwe a chibwano: kwa wokukuta mano timeneti n'toononga, chifukwa timalimbitsa mnofu womwewo umene ukuphwanya mano. Ululu ukakhala waukulu, idyani zofewa ndi zodula tizidutswa kwa mlungu umodzi kapena iwiri, kutafunira mbali zonse ziwiri, koma musakhalitse pa zofewa zokhazokha kwa miyezi, chifukwa minofu yosagwiritsidwa ntchito imayamba kuwawa ndi ntchito yochepa.

Nanga usiku?

Mano amatetezedwa ndi chovala cha pulasitiki yolimba chimene dokotala wa mano amapanga motengera mano anu, chotchedwa splint. Chimaphimba mano onse a nsagwada imodzi, ndipo chimaperepeseka m'malo mwa manowo. Sichithetsa kukukuta, kwa ambiri minofu imachepetsa ntchito masabata oyambirira okha kenako n'kuyambiranso. Komabe dzino losweka silibwerera, choncho amene mano awo akutha, akung'aluka kapena zomatira zawo zikuthothoka asadalire mafizo okha. Zofewa zogula zopangidwa kale zimachititsa ena kutafuna kwambiri, ndipo zimene zimaphimba mano ochepa okha zikavalidwa nthawi yaitali popanda dokotala kuziona zingasinthe kakumanidwe ka mano.

Popeza kukukuta kwa usiku kumayenda ndi kupepuka kwa tulo, chilichonse chosokoneza tulo chimakuwonjezera. Fodya, mowa wa madzulo ndi khofi wambiri n'zodziwika bwino pa zimenezi. Chilungulira cha usiku nachonso chimayenda nako. Amene amaliza mkonono kwambiri, amabanika m'tulo kapena amawodzera masana ayenera kupimidwa za kubanika kwa m'tulo asanavale splint, chifukwa mwa ena splint ya mano a m'mwamba imawonjezera vutolo. Mankhwala ena a matenda a nkhawa ndi kukhumudwa, monga fluoxetine, sertraline, paroxetine ndi venlafaxine, amayambitsa kukukuta mwa anthu ena, chimodzimodzinso mankhwala a gulu la amphetamine. Ngati vuto linayamba mutangoyamba mankhwala otere, uzani amene anakulemberani. Musawasiye nokha, chifukwa kusiya mwadzidzidzi kuli ndi mavuto ake. Pamene zonse zakanika ndipo minofu ikuwawabe kwambiri, madokotala ena amabaya botulinum toxin (mankhwala ofooketsa minofu) mu masseter. Imachepetsa mphamvu ya kulumako kwa miyezi itatu kapena inayi, koma siiletsa ubongo kutumiza uthenga.

Ana ambiri amene amakukuta mano m'tulo amasiya okha akamakula, ndipo safunika mafizo ngati sakumva ululu. Chofunika kuyang'ana mwa iwo ndi kupumira m'kamwa ndi mkonono, zimene zingasonyeze kuti njira ya mpweya ndi yopanikizika.

Pamene mafizo ayenera kuima

Pali zizindikiro zimene sizili za minofu yotopa. Pakamwa pakakanika mwadzidzidzi kutseguka kupitirira zala ziwiri, makamaka ngati nsagwada inkalira kale ndipo tsopano yasiya, n'kutheka kuti kachichereŵechereŵe kaja kasuntha n'kutchinga njira. Musakakamize, kapimitseni msanga. Pakamwa pakakakamira potseguka, nsagwada yaguluka, ndipo iyenera kubwezedwa kuchipatala tsiku lomwelo. Kuuma kwa nsagwada kobwera ndi kutupa, kutentha thupi kapena kuvutika kumeza kumasonyeza matenda ofalikira kuchokera ku dzino kapena kukhosi, ndipo kuuma kotsatira bala kungakhale kafumbata. Dzanzi pamlomo kapena pachibwano, chotupa chimene sichikuchoka, kusintha kwadzidzidzi kwa kakumanidwe ka mano, kapena ululu wotsatira kugwa ndi kumenyedwa, zonsezi zimafuna kuunikidwa. Kwa munthu wopitirira zaka 50, nsagwada imene imatopa ndi kuwawa potafuna, limodzi ndi mutu watsopano wa m'mbali kapena kusaona bwino, ingakhale chizindikiro cha kutupa kwa mitsempha ya magazi kumene kungachititse khungu m'masiku ochepa. Ululu wa nsagwada wobwera poyenda mofulumira kapena pokwera chitunda, pamodzi ndi kuthina pachifuwa, thukuta kapena phuma, uyenera kutengedwa ngati vuto la mtima, ndipo munthuyo apite kuchipatala nthawi yomweyo.